ZA DAMU LA MUNTHU MMODZI NDI MADZI A ANTHU ONSE

Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi yathu analankhula pa msonkhano wa mamembala pa Boma la Mzimba. Tawasindikiza onse kuti alembi a m'midzi awawerengere anzathu amene sanathe kufika.

 Tithokoza kwambiri inu amene mwachokera kutali, ku Jenda, ku Champhira, ku Embangweni ndi kwa Khosolo, pakuti tidziwa kuti mwasiya nchito zanu ndipo ena mwalipira galimoto ndi ndalama za m'thumba mwanu.

Nkhani imene Komiti yatituma kuti tiikambe lero ndi ya madzi. Pa misonkhano ya m'midzi mamembala afunsa funso limodzi kawiri-kawiri, ndipo funsolo ndi ili: munthu wa chuma akatseka kamtsinje ndi khoma la dothi, napanga nyanja yake yaing'ono yoti alendo azipalasapo bwato ndi kuwedza nsomba, kodi madzi amenewo asanduka ake? Nanga khomalo likagumuka usiku anthu ali m'tulo, mlandu ngwa yani? Funsoli si la masewera ai. Masiku ano ana athu obwera ndi ndalama kuchokera ku Joni, pamodzi ndi amalonda a m'matauni, afuna malo omangapo nyumba za alendo, ndipo malo amene amayamba kuwasirira ndi dambo, dambo lomwelo limene ng'ombe zathu zimamwako m'chilimwe, kumenenso amai amalima madimba.

Tinene poyamba kuti ife sitidana ndi damu. Dziko lathu lino la Mzimba limalandira mvula miyezi inai kapena isanu yokha, ndipo pofika October timitsinje tambiri totsikira ku South Rukuru timakhala mchenga wokha-wokha. Munthu wosunga madzi m'dziko lotere achita bwino. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tsono tione mvulayo pamodzi ndi matope ake.

ZIMENE TIONA KU LUWAWA

Ambiri a inu mudziwa damu la Luwawa, m'mapiri a Viphya, makilomita ngati 10 kuchokera pa mseu waukulu wa M1. Damulo liri m'nkhalango ya Boma. Mitengo ya paini inayamba kubzalidwa pa Viphya m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira 1964 Boma linaikulitsa nkhalangoyo mpaka inafika mahekitala 53,000, poyembekeza kumanga fakitale ku Chintheche yosandutsa mitengo kukhala zopangira mapepala. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo pambuyo pake mbali yaikulu ya nkhalangoyo inatha ndi moto ndi macheka. Pafupi ndi damulo pali nyumba ya alendo imene kale inali ya a Nkhalango, koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 iyendetsedwa ndi anthu apadera. Alendo a ku Lilongwe, a ku Mzuzu ndi a maiko akunja amadza kudzapalasa bwato, kudzawedza ndi kudzakwera mapiri pa njinga.

Pamenepa tiphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, madzi oima ndi chuma. Munthu amachoka kutsidya kwa nyanja nalipira ndalama zambiri kuti angokhala pansi kuyang'ana madzi, ndipo m'ndalama zimenezo mumatuluka malipiro a wophika, a mlonda ndi a mnyamata wotsogolera alendo m'nkhalango. Tisanyoze zimenezi. Chachiwiri, damu la Luwawa liri pa malo a Boma, kotero kuti liri ndi mwini wake amene phungu wathu angathe kumfunsa ku Nyumba ya Malamulo. Damu la munthu mmodzi pa dambo la mudzi ndi nkhani ina, pakuti ngati anthu a m'mudzimo safunsa, palibenso wina adzafunsa.

Mwambo wa madamu osangalalirapo unadza ndi Azungu. Ku Chelinda pa Nyika ndi pa phiri la Zomba anamanga madamu, naikamo nsomba za kwao zotchedwa trout kuti aziwedza pa tchuthi. Amene anakumba ndi kusenza dothi anali makolo athu, koma amene anawedza anali ena. Tsopano eni madamu atsopano adzakhala a khungu lathu lomwe, ena ndi ana a alongo athu. Ichi sichisintha funso lija, pakuti mudzi umamva ludzu chimodzi-modzi kaya mpanda wamanga Mzungu kaya mphwathu.

MADAMU AKALE A KWATHU KUNO

M'dziko lonse la Malawi muli madamu ang'ono-ang'ono oposa 700. Ochuluka anamangidwa m'nthawi ya Atsamunda, ndipo ambiri a iwo ali m'chigwa chathu chino cha South Rukuru. Itapita njala ya 1949, m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, Boma linalimbikira nchito yosunga nthaka ndi madzi. Agogo athu amakumbukira ng'ombe ziri pa goli, zikukoka chifosholo chachikulu chachitsulo chodzaza dothi kukathira pa khoma. Koma Boma lomwelo linadza ndi malamulo a malimidwe a 1946 ndi 1949, amene anakakamiza anthu ndi chindapusa ndi ndende. Anthu anadana ndi chikakamizo chimenecho, ndipo chifukwa chodanira nacho anali nacho. Chisoni chake nchakuti pamene chikakamizo chinatha, kusamala madamu kunatheranso pomwepo. Anthu anati ndi a Boma, Boma linati ndi a anthu. Yendani lero mukaone: lina ladzala matope mpaka anthu alimamo chimanga, lina khoma lake linang'ambika pakati kale-kale, lina pakhoma pamera mitengo yoti nkucheka matabwa.

MAMANGIDWE A KHOMA LA DOTHI

Kuti tithe kufunsa mwini damu mafunso anzeru, tiyenera kudziwa mamangidwe ake. Khoma la dothi si mulu wa dothi chabe. Omanga bwino amayamba kuchotsa udzu, mizu ndi nthaka ya pamwamba. Kenaka amakumba ngalande motsata pakati pa khomalo mpaka apeze nthaka yolimba, naidzaza ndi dongo kuti madzi asadutse kunsi. Dothi amalithira pang'ono-pang'ono, kuchindikala kwake ngati masentimita 15, lonyowa pang'ono, nalitsendera kolimba asanathire lina. Khoma limakhala lotambalala pansi ndi lopendekeka mbali zonse ziwiri, ndipo pomaliza amabzalapo kapinga. Koposa zonsezi pali ngalande yotayira madzi, imene imakumbidwa pambali, pa nthaka yosasunthidwa, motsika kuposa msonga ya khoma, kuti damu likadzala madzi otsala apeze njira yao.

Tiwerengere pamodzi monga tichitira ndi ana m'kalasi. Titenge damu la mahekitala 2, ndiwo maekala 5, lakuya mamita 2. M'menemo muli malita 40 miliyoni. Malita 1,000 amalemera tani imodzi, chotero khomalo lagwira matani 40,000, katundu wa malole oposa 1,300 a matani 30. Tsono tiyese kuti theka la madziwo latha ndi dzuwa ndi kulowa pansi. Ng'ombe imodzi ikamwa malita 30 pa tsiku kwa masiku 180 a chilimwe, madzi otsalawo angamwetse ng'ombe zoposa 3,500. Mwaona kukula kwa chimene mudzi utaya ngati madzi amenewo atchingidwa ndi waya?

Tiwerengenso mbali yoopsa. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Ngati kumtunda kwa damu kuli mahekitala 100 otsetserekera komweko, ndipo usiku umodzi kwagwa mvula ya mamilimita 50, amenewo ndi malita 50 miliyoni. Ngakhale theka lokha litsike, ndi malita 25 miliyoni. Mu February damu limakhala lodzala kale, kotero kuti madzi onsewo ayenera kudutsa pa ngalande ija m'maola owerengeka. Ngalandeyo ikachepa kapena ikatsekeka, madzi amakwera pamwamba pa khoma, ndipo dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Amayamba kukumba kamfuleni kumbuyo, kamfuleniko nkukula, khoma nkutseguka. Madzi saiwala khwawa.

Adani ena a khoma ndi awa: chiswe chimene chimaboola njira m'kati, mizu ya mitengo imene ikaola imasiya mauna, ndi ng'ombe zimene zimapanga tinjira pokwera ndi potsika. Mukaona madzi akuchucha kunsi kwa khoma, yang'anani maonekedwe ake. Ngati ali oyera ndipo sakuonjezeka, muziwayang'anira tsiku ndi tsiku. Koma ngati ali ofiira ndi dothi, ndiye kuti khoma likudyeka m'kati, ndipo anthu a kumunsi achenjezedwe tsiku lomwelo.

ZIMENE ZINAONEKA KWINA

Wina angati Mlembi akutiopseza. Imvani tsono zimene zinachitika ku America, m'chigawo cha Pennsylvania. Kumeneko kunali damu la dothi lotchedwa South Fork, limene Boma linamanga nalisiya. M'chaka cha 1879 gulu la anthu olemera linatenga damulo kuti likhale malo ao owedzera nsomba ndi kupumulirako. Mwa iwo munali Andrew Carnegie ndi Henry Clay Frick, eni mafakitale a zitsulo. Anatsitsa msonga ya khoma kuti ngolo zao zizidutsana bwino pamwamba pake. Anaika sefa wa waya pa ngalande yotayira madzi kuti nsomba zao zisathawe, ndipo zinyalala zinali kukodwa pamenepo. Mapaipi ochepetsera madzi, amene anali atachotsedwa kale, sanawabwezeretse. Pa 31 May, 1889, itagwa mvula yaikulu, madzi anakwera pamwamba pa khoma ndipo linagumuka. Lisanathe ola limodzi chigumula chinafika m'tauni ya Johnstown, makilomita 23 kumunsi, nichipha anthu 2,209. Amene anafa anali anchito ndi mabanja ao. Palibe bwalo la milandu limene linalipiritsa gulu la olemera lija.

Zimenezo nzakale ndiponso nzakutali, koma pali zina za dzulo-dzuloli. Pa 9 May, 2018, ku Solai m'dera la Nakuru ku Kenya, damu la dothi la pa esiteti ya anthu apadera linagumuka usiku, madzi nasesa midzi ya kumunsi. Anthu osachepera 47 anafa, ambiri mwa iwo ana, ndipo akulu oyang'anira madzi m'dzikomo ananena kuti damulo linalibe chilolezo choyenera. Onani kuti kuwiri konseku mwini damu anali kumtunda ndipo maliro anali kumunsi. Ife a m'midzi ndife a kumunsi.

Pali matope enanso amene sapha tsiku limodzi. M'madzi oima ndi ofunda mumaswana nkhono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo, ndipo m'mphepete mwake mumaswana udzudzu wa malungo. Ife aphunzitsi timadziwa mwana wa likodzo: amafooka, amasinza m'kalasi, ndipo amachita manyazi kunena kuti akukodza magazi. Ndiponso ana a kuno kumtunda sadziwa kusambira monga anzao a ku Nkhata Bay, kotero kuti damu lakuya pafupi ndi njira ya ku sukulu ndi msampha.

LAMULO LIKUTI BWANJI

Lamulo la Madzi la 2013 linaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa Boma, kuti liwasungire mtundu wonse. Munthu angathe kukhala ndi pepala la malo, koma mtsinje wodutsa pa malowo sali nawo pepala. Kutunga madzi akumwa, ophikira ndi ochapira sikufuna chilolezo. Koma kutseka mtsinje kapena kuupatutsa kufuna chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, limene lamulo lomwelo linakhazikitsa. Ndondomeko ya Malo ya 2002 inanenanso poyera kuti madambo ndi malo odyetsera ziweto m'chilimwe ndi a anthu onse a m'dera la mfumu. Inu amene munakhalako ku Joni, dziwani kuti kumenekonso lamulo la madzi la 1998 limalamula kuti damu la khoma lopitirira mamita 5, losunga malita oposa 50 miliyoni, lilembetsedwe ku Boma monga damu loopsa, ngakhale liri pa famu ya Mzungu wolemera chotani. Chotero mwana wathu wobwera kumeneko asatiuze kuti mafunso athu ndi nsanje ya kumudzi.

ZIMENE NTHAMBI IPEMPHA

Komiti yagwirizana mfundo zisanu ndi imodzi, ndipo tipempha membala ali yense azisunge pamtima.

1. Munthu asanayambe kukumba, nkhani ikambidwe pa bwalo, pamaso pa mfumu ya mudzi ndi nduna, ndipo ifike kwa Inkosi. Aitanidwe a kumtunda amene minda yao idzamira, ndi a kumunsi amene madimba ao adzauma. Amai akhalepo ndipo alankhule, pakuti otunga madzi ndi iwo.

2. Mwini damu aonetse chilolezo chake cha madzi, ndipo chiwerengedwe mokweza. Afunsidwenso dzina la katswiri amene anayeza khoma ndi ngalande yotayira madzi. Dalaivala wa thirakitala si katswiri wa madamu.

3. Pakhale paipi yodutsa kunsi kwa khoma, yoikidwa pomanga pomwe, kuti m'chilimwe madzi ena azitsika kwa a kumunsi, ndi kuti pa ngozi damu lithe kuchepetsedwa.

4. Ng'ombe zikhale ndi pomwera. Sitipempha kuti zizipondaponda pa khoma, pakuti taona kuti zimaliononga. Tipempha chomwera cha simenti kunja kwa mpanda, ndi mpopi wa amai pambali pake.

5. Pa ngalande yotayira madzi pasaikidwe waya, ukonde kapena matabwa. Chaka ndi chaka mu October, mvula isanayambe, mwini damu ndi anthu atatu osankhidwa ndi mudzi ayende pa khoma lonse pamodzi, naone ming'alu, zulu ndi mitengo.

6. Zonse zogwirizana zilembedwe, asaine mwini damu ndi mfumu pamaso pa mboni, ndipo pepala lina likasungidwe ku ofesi ya Bwana D.C. Lonjezo la pakamwa limafa tsiku limene damu lagulitsidwa kwa munthu wina.

Kwa mafumu athu tinena mwaulemu wonse. Dambo munalilandira kwa makolo kuti mulisungire ana. Mbuzi imodzi ndi envulopu zimatha pa sabata, koma dambo likapita lapita. Madzi akatayika saoleka.

MBALI YATHU IFE

Tsono tisaloze chala kwa eni chuma okha. Damu limakhala moyo chifukwa cha mitengo ya kumtunda kwake. Tauni ino imamwa madzi a mtsinje wa Mzimba, umene umachokera ku Viphya, ndipo thumba liri lonse la makala lotsika ku Perekezi limatumiza matope ake ku mtsinje ndi ku madamu. Wolima mpaka m'mphepete mweni-mweni mwa madzi, ndi wotentha tchire kufuna mbewa, akukwirira damu ndi manja ake.

Tichenjezanso anyamata athu. Pasapezeke membala wa Nthambi ino wodula waya usiku, wothira mankhwala m'madzi kuti aphe nsomba, kapena wokumba khoma pofuna kulanga mwini wake. Wokumba khoma amiza amai ake omwe. Ngati mwini damu wakana kumva, njira iripo: kwa mfumu, kwa Inkosi, kwa khansala, kwa Bwana D.C., ndi ku bungwe la madzi. Mlembi adzakuthandizani kulemba kalata, ndipo sadzakulipiritsani.

Nchito imene tikupatsani ndi iyi. Msonkhano wa mwezi wa mawa usanafike, mlembi wa mudzi uli wonse alembe madamu onse a m'dera lake, akale ndi atsopano. Alembe dzina la mtsinje, mwini wake, ngati lisunga madzi mpaka October, ngati ngalande yake iri yotseguka, ndi nyumba zingati ziri kumunsi kwake. Mapepala amenewo tidzawasonkhanitsa ndi kupita nawo ku Khonsolo ya M'mbelwa, kuti popempha thandizo lokonzera madamu akale tikalankhule ndi manambala m'manja. Pamene pali damu la mudzi lotheka kukonzeka, tisadikire thirakitala ya Boma kuti tidule mitengo ya pa khoma, tifukule chiswe ndi kubzala kapinga. Makasu tiri nao, ngolo tiri nazo, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Munthu wofuna kumanga nyanja yake yaing'ono adze, tidzamlandira. Alendo ake apalase bwato, ana athu apeze nchito, ifenso tigulitse mazira ndi mbatata. Koma adze pa bwalo masana, ndi mapepala ake m'manja, ndipo ng'ombe za mudzi zimwe.

A Wapampando, mau athu athera pamenepa.